Mafunso ndi mayankho: sepsis, kuvulala koopsa komanso chitetezo cha mthupi chikasokonekera

Awa ndi mafunso amene anthu amafunsa akamva kuti m'bale wawo ali ku ICU, chipinda cha odwala mwakayakaya, ndi sepsis, kapena munthu wachita ngozi, madokotala amusoka bwinobwino magazi asiya kutuluka, koma patapita sabata akuti mapapo ndi impso zikukanika. Mayankhowa akuchokera pa zimene ofufuza apeza pa zaka 40 zapitazi. Ngati muli ndi wodwala panopa, thamangani naye kuchipatala kaye, izi muwerenga pambuyo.

Kodi sepsis ndi tizilombo tolowa m'magazi?

Ambiri amadziwa choncho koma ndi mbali chabe. Tizilombo ndi timene timayambitsa inde, kaya ndi chibayo, matenda a m'chikhodzodzo ndi impso, matumbo obooka, chilonda cholowa mafinya kapena chiberekero mayi akangobereka kumene. Koma chimene chimagwetsa munthu ndi mmene thupi lake lomwe likumenyera nkhondoyo. Mu 2016 gulu la akatswiri, Mervyn Singer wa ku London ali m'gulumo, linagwirizana kuti sepsis ndi pamene ziwalo zayamba kulephera kugwira ntchito moti moyo uli pachiswe, chifukwa thupi lasokonekera polimbana ndi matenda. Nchifukwa chake odwala ambiri ndithu a sepsis akawatenga magazi kupita nawo ku labu sapezamo kachilombo olo kamodzi, koma munthu ali gone BP yatsika, mkodzo sukutuluka.

Ndi vuto lalikulu bwanji? Ine sindimalimva kwambiri

Simulimva chifukwa pa maliro amati anamwalira ndi chibayo, kapena anadwala atachira mwana, palibe amene amatchula sepsis. Kafukufuku amene anatuluka mu The Lancet mu 2020 anawerengera kuti mu 2017 mokha anthu pafupifupi 49 miliyoni anadwala sepsis ndipo 11 miliyoni anamwalira, kutanthauza imfa imodzi pa imfa zisanu zilizonse padziko lonse. Ana osakwana zaka 5 analipo pafupifupi 20 miliyoni mwa odwalawo. WHO inavomereza chaka chomwecho cha 2017 kuti ili ndi vuto loyenera kuikapo mtima, ndipo pa 13 September chaka chilichonse ndi tsiku lokumbukira sepsis.

Nanga chitetezo cha mthupi chingapweteke bwanji mwini wake?

Apa mpofunika kudekha pang'ono. Mabakiteriya ena, monga E. coli, ali ndi kanthu pa khungu lawo kotchedwa LPS kapena endotoxin. Asilikali a mthupi ali ndi tizipangizo tozindikira kanthu kameneka, chachikulu chake ndi TLR4, chimene Bruce Beutler anasonyeza mu 1998 kuti ndi chimene chimamva LPS, ndipo mu 2011 analandira nacho Nobel pamodzi ndi Jules Hoffmann ndi Ralph Steinman. TLR4 ikangomva LPS selo limatulutsa timauthenga totchedwa cytokine, monga TNF, IL-1 ndi IL-6, toitana anzake.

Pa chala chimene chalasidwa ndi minga zimenezi ndi zabwino zedi. Mitsempha ya magazi pamalopo imatakasuka, imayamba kudontha dala kuti maselo oyera adutse akafike pa balapo, magazi amaundana pang'ono kutsekera tizilombo kuti tisafalikire, nde mumaona chala chatupa, chafiira, chikutentha. Tsopano tangoganizani zomwezo zikuchitika thupi lonse nthawi imodzi. Mitsempha yonse yatakasuka nde BP yagwa. Yonse ikudontha, madzi akutuluka m'mitsempha kulowa m'minofu ndi m'mapapo, munthu watupa manja ndi nkhope koma mkati mwa mitsempha muli mouma. Timagazi toundana tatseka timitsempha ting'onoting'ono ta mu impso ndi kunsonga za zala mpaka zala kuda, kwinaku zinthu zoundanitsa magazi zatha moti pamene abaya jakisoni pakungochucha. Maselo ena otchedwa neutrophil amafika potaya DNA yawo kunja ngati ukonde wokolera mabakiteriya, izi anazipeza ku Berlin mu 2004, koma ukonde womwewo umawononganso mkati mwa mitsempha. Ndi kuotcha nyumba pofuna kupha khoswe basi.

Koma munthu wa ngozi ya galimoto kapena wopsa ndi moto alibe tizilombo, nde zikufanana pati ndi sepsis?

Funso ili linavutitsa madokotala kwa zaka zambiri, chifukwa wovulala kwambiri amatentha thupi, mtima kuthamanga, maselo oyera kukwera, chimodzimodzi wa sepsis, koma akayeza osapeza kanthu. Mu 1994 Polly Matzinger anabweretsa ganizo lakuti chitetezo sichimangofunsa kuti ichi ndi chachilendo kapena changa, chimamvetseranso ngati penapake pawonongeka. Selo likaphwanyika zamkati mwake zimatayikira m'magazi, ndipo zinthu zimenezo sizinayenera kupezeka kunja, nde asilikali amadziwa kuti kwagwa zoopsa.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi chimene gulu la Carl Hauser, dokotala wa maopaleshoni ku Boston, linasindikiza mu Nature mu 2010. Mkati mwa selo lililonse muli timitokondiriya, timene timapanga mphamvu, ndipo timeneti kalekale, zaka zoposa biliyoni zapitazo, tinali mabakiteriya oima paokha amene analowa m'maselo nkukhazikika. Mpaka lero DNA yake ndi mapuloteni ake ena amaonekabe ngati a mabakiteriya. Nde fupa la ntchafu likathyoka, minofu nkuphwanyika, zidutswa za timitokondiriya zimalowa m'magazi ndipo ma neutrophil amaziona ngati mabakiteriya alowa, nkuyamba nkhondo. Gulu la Hauser linapeza DNA imeneyi yochuluka kwambiri m'magazi a anthu ovulala, ndipo atabaya zidutswazi makoswe, mapapo awo anatupa popanda kachilombo kalikonse.

Ndipo zimayamba msanga. Ofufuza a ku Birmingham, m'gulu la Janet Lord, anatenga magazi a anthu ovulala pamalo a ngozi pomwepo ola lisanathe, anapeza chitetezo chasintha kale ambulansi isanafike nkomwe kuchipatala. Kafukufuku wina wa ku America wa 2011 anatsatira anthu 167 ovulala kwambiri kwa masiku 28, anapeza kuti majini oposa 80 pa 100 alionse a m'maselo oyera asintha kagwiridwe kake ka ntchito. Palibe amene ankayembekezera chiwerengero chotere.

Ngati vuto ndi ma cytokine, bwanji osangopanga mankhwala owatseka?

Anayesa, ndipo nkhani yake ndi yomvetsa chisoni. Kevin Tracey ali dokotala wachinyamata ku New York mu 1985 anasamalira mwana wa miyezi 11 amene anapsa ndi madzi owira, mwanayo anaoneka ngati akuchira kenako anamwalira mwadzidzidzi, ndipo imfa imeneyi ndi imene inamukankhira mu kafukufuku wa sepsis. Pogwira ntchito ndi Anthony Cerami ndi anzake anasonyeza kuti TNF yokha, popanda bakiteriya, ukabaya nyama BP imagwa ziwalo nkuwonongeka. Mu 1987 anapatsa anyani mankhwala otseka TNF kenako nkuwabaya E. coli wokwanira kupha, anyaniwo anapulumuka. Dziko lonse linati basi sepsis yatha.

Atafika pa anthu zinakanika. Pa kafukufuku wina wa 1996 wa odwala 141, amene sanalandire mankhwala otseka TNF anamwalira 30 pa 100 alionse, amene analandira mlingo waukulu anamwalira 53 pa 100. Mankhwala ena otchedwa Xigris anavomerezedwa mu 2001, okwera mtengo koopsa, nkuchotsedwa pamsika mu 2011 kafukufuku wina atasonyeza kuti sakupulumutsa anthu. Eritoran wotseka TLR4 yeniyeniyo naye analephera mu 2013. Mayesero oposa 100 apita choncho.

Chifukwa chimodzi nchoonekeratu mukachiganizira. Anyani aja analandira mankhwala mabakiteriya asanalowe. Munthu samabwera kuchipatala asanadwale, amabwera patapita masiku awiri atatu, TNF inakwera kale nkutsika, zimene inayambitsa zili patali. Tracey yemweyo ndi Haichao Wang mu 1999 anapeza kuti pali china, HMGB1, chimene chimatuluka mochedwa patapita maola ambiri, ndipo mu 2000 gulu lake linasonyeza pa makoswe kuti mtsempha wa vagus, wochokera ku ubongo, ukautakasa ndi magetsi umatsitsa TNF, kutanthauza kuti ubongo nawo uli ndi buleki yake pa chitetezo. Koma mankhwala otseka TNF aja sanapite pachabe, lero akuthandiza anthu ambirimbiri a nyamakazi yotupitsa mfundo ndi matenda ena a m'matumbo. Koma pa sepsis anakana.

Ndiye kuti kuyesera pa mbewa ndi kutaya nthawi?

Mkangano umenewu ulipo ndithu. Mu 2013 gulu la ofufuza lija limene linatsatira ovulala 167 linasindikiza kuti majini a mbewa sasintha mofanana ndi a anthu pa kupsa, kuvulala ndi endotoxin, kenako ofufuza awiri a ku Japan anatenga manambala omwewo kuwerengera mwanjira ina nkupeza kuti akufanana ndithu. Ine ndimaona kuti vuto si mbewa koma mtundu wa mbewa zake. Za mu labu zimakhala zazing'ono msinkhu, zathanzi, zofanana majini, zokulira malo aukhondo, zonse zidwala ola limodzi ndi matenda amodzi. Wodwala weniweni ndi agogo a zaka 75 a shuga ndi impso zofooka kale, kapena khanda la masiku atatu, kapena munthu amene ali ndi HIV ndi TB. Komanso mbewa imapirira endotoxin wochuluka maulendo masauzande kuposa munthu.

Nchifukwa chake ena amayesera pa anthu enieni odzipereka. Ku Nijmegen ku Netherlands gulu la Peter Pickkers limabaya achinyamata athanzi endotoxin wochepetsetsa, ma nanogram awiri pa kilogalamu iliyonse ya thupi, ali pa bedi mashini akuwayang'anira. Pakangotha ola limodzi munthu amayamba kunjenjemera, mutu kuwawa, thupi kutentha, mtima kuthamanga, pofika madzulo zatha ali bwinobwino. Chodabwitsa nchakuti akamubayanso patapita sabata thupi siliyankha mwamphamvu ngati poyamba, asilikali aja amakhala ngati agontha. Zimenezi zikutifikitsa pa funso lotsatirali.

Ndinamva kuti odwala sepsis chitetezo chawo chimatsika. Nanga si mwati chimakwera mopitirira?

Zonse ziwiri nzoona, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Richard Hotchkiss wa ku Washington University ku St. Louis anachita chinthu chimene ambiri sankachiganizira, anapempha chilolezo kwa achibale kuti atenge kapamba ndi ziwalo zina za odwala amene angomwalira kumene ku ICU, nthawi yomweyo maselo asanawonongeke. Kuyambira 1999 anasonyeza kuti maselo oyera otchedwa lymphocyte, kuphatikizapo ma CD4 amene ambiri timawadziwa chifukwa cha HIV, amafa ambirimbiri mwa odwala sepsis, amadzipha okha. Mu 2011 gulu lake linasindikiza mu JAMA za odwala 40 omwalira ndi sepsis, maselo a mu kapamba wawo atawatakasa mu labu ankatulutsa ma cytokine osafika 10 pa 100 poyerekeza ndi a anthu amene analibe sepsis. Otsalawo anali otopa, atanyamula chizindikiro chotchedwa PD-1 chimene chimauza selo kuti lisagwire ntchito.

Nde taonani zimene zimachitika mu ICU. Munthu wapulumuka masiku atatu oyamba aja, achibale ayamba kupuma, kenako sabata yachiwiri wagwidwa chibayo china cha pa makina opumira, tizilombo take tofooka timene munthu wathanzi sitingamuchite kanthu, mafangasi alowa m'magazi, mavairasi amene anagona mthupi zaka zambiri monga CMV ndi herpes adzuka. Kumupatsa munthu wotere mankhwala otsitsa chitetezo ndi kumumaliza.

Poyamba ankaphunzitsa kuti chimayamba kukwera kenako nkutsika, motsatana. Kafukufuku wa ovulala 167 uja anasonyeza kuti ayi, majini oyatsa kutupa ndi majini ozimitsa chitetezo amasintha limodzi kuyambira maola oyambirira, ndipo amene zinawavuta si kuti thupi lawo linachita zachilendo, linachita zomwezo koma mwamphamvu ndi mosabwerera msanga mwakale. Ofufuza a ku University of Florida, Lyle Moldawer ndi Frederick Moore, mu 2012 anafotokoza za odwala amene amakhala mu ICU masabata ambiri, kutupa kosatha, chitetezo chofooka, minofu ikungosungunuka olo muwadyetse bwanji, anautcha PICS.

Nde bwanji osawapatsa zokweza chitetezo, mavitamini ndi zina zija amagulitsa?

Zogulitsa zija iwalani, palibe chimene chasonyezedwa kuti chimathandiza sepsis. Vitamin C wa mu drip anatchuka kwambiri kuyambira 2017, koma kafukufuku wamkulu wa LOVIT wa odwala 872 mu 2022 anapeza kuti amene anamulandira ndi amene zinawaipira, omwalira kapena otsala ndi ziwalo zosagwira anali 44.5 pa 100 pamene enawo anali 38.5.

Zimene ofufuza akuyesa ndi zina. IL-7, cytokine yothandiza ma lymphocyte kuchulukana, anaiyesa pa odwala 27 ku France ndi ku America, ma lymphocyte anakwera katatu mpaka kanayi. GM-CSF, cytokine ina yodzutsa maselo oyera, anaiyesa ku Germany mu 2009 pa odwala 38 amene anayamba awayeza kaye nkupeza kuti chizindikiro cha HLA-DR pa maselo awo, chosonyeza ngati chitetezo chili maso, chatsika, ndipo chinabwerera. Ayesanso nivolumab, mankhwala a khansa otseka PD-1. Onsewa ndi mayesero aang'ono osonyeza kuti maselo angathe kudzuka, koma kuti anthu ambiri apulumuka nazo sizinatsimikizike, nde musapite kukavuta adokotala kuti bwanji simukumupatsa IL-7.

Nanga ma steroid? Pa COVID anathandiza

Anathandiza inde. Kafukufuku wa RECOVERY ku UK mu June 2020 anasonyeza kuti dexamethasone, steroid wochepetsa kutupa mthupi, anachepetsa imfa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu mwa amene anali pa makina opumira. Koma onani mbali inayo, amene sankafunika okosijeni sanapindule konse. Mankhwala amodzi, matenda amodzi, kusiyana kwake ndi pamene wodwala wafika. Pa sepsis wamba steroid wina, hydrocortisone, amaperekedwa BP ikamakana kukwera ngakhale apereka mankhwala okweza BP, amathandiza kuti ikhazikike msanga, koma pa nkhani ya kupulumutsa moyo makafukufuku awiri akuluakulu a 2018 sanagwirizane.

Ndiye ofufuza panopa akulimbana ndi chiyani?

Kusiyanitsa odwala. Dzina loti sepsis taunjikamo anthu osiyana kwambiri, nde ukapatsa onse mankhwala amodzi, ena athandizika ena apwetekeka, powerengera pamapeto zikuoneka ngati mankhwalawo sachita kanthu. Gulu la Julian Knight ku Oxford mu 2016 linayeza majini a m'magazi a odwala chibayo choopsa nkupeza magulu awiri, lina la chitetezo chofooka limene limamwalira kwambiri, lina ayi. Atabwerera ku kafukufuku wina wakale anapeza kuti ma steroid anaoneka kuti akupweteka gulu lachiwirilo. Christopher Seymour ku Pittsburgh mu 2019 anagawa odwala m'magulu anayi pogwiritsa ntchito zoyeza wamba za kuchipatala. Vuto nlakuti kuyeza majini kumatenga nthawi ndi ndalama, pamene dokotala akufuna yankho pa ola limodzi, usiku, wodwala ali patsogolo pake, komanso munthu mmodzi yemweyo amatha kuchoka gulu lina kupita lina pa masiku awiri. Kwa ine amene adzapange kachipangizo kotchipa koyezera zimenezi pambali pa bedi adzakhala wachita zazikulu kuposa wotulukira mankhwala atsopano, chifukwa mwina ena mwa mankhwala 100 analephera aja anali abwino koma kwa anthu olakwika.

Pakadali pano chimapulumutsa anthu ndi chiyani?

Changu. Maantibayotiki oyenera mwamsanga, ola loyamba ngati BP yagwa, kuchotsa gwero la matenda monga kukhetsa mafinya, kuchita opaleshoni matumbo obooka kapena kuchotsa kapaipi ka mkodzo kamene kalowa tizilombo, okosijeni, madzi a mu drip, ndi mankhwala okweza BP monga noradrenaline. Zizindikiro zoti musadikire mawa ndi izi, munthu amene ali ndi matenda kapena chilonda wayamba kupuma mothamanga, akusokonezeka mutu kapena akungogona osadzuka bwino, tsiku lathunthu osakodza, manja ndi mapazi zazizira, khungu lasintha mtundu. Thupi silitentha nthawi zonse, okalamba ndi makanda pena limazizira, khanda limangosiya kuyamwa basi.

Pa drip pali phunziro lowawa. Kafukufuku wa FEAST wotsogoleredwa ndi Kathryn Maitland ku Kenya, Uganda ndi Tanzania, ana 3,141, anaimitsidwa mu 2011 ataona kuti ana opatsidwa madzi ambiri mofulumira ankamwalira kwambiri, pafupifupi 10.5 pa 100 m'maola 48 pamene osapatsidwa anali 7.3. Ku Lusaka mu 2017 akuluakulu nawo zinatero, 48 pa 100 poyerekeza ndi 33. Kumbukirani mitsempha yodontha ija, madzi ukawathira ambiri amakathera m'mapapo, ndipo kumene kulibe makina opumira okwanira munthu amabanika. Nde mukaona namwino akuchepetsa drip si nkhanza.

Kwa ovulala choyamba ndi kuletsa magazi ndi kumufunditsa munthu asazizidwe, chifukwa thupi lozizira magazi saundana. Karim Brohi wa ku London anasonyeza mu 2003 kuti mmodzi mwa anayi ovulala kwambiri amafika kuchipatala magazi atasiya kale kuundana bwino. Kafukufuku wa CRASH-2 wa 2010, anthu 20,211 m'maiko 40, anapeza kuti tranexamic acid, mankhwala otchipa ochepetsa kutaya magazi, amachepetsa imfa akaperekedwa maola atatu asanathe, kupitirira apo sathandiza ndipo angathe kupweteka.

Munthu akatuluka m'chipatala ndiye kuti zatha?

Kwa ambiri ayi. Minofu imakhala yatha moti kukwera masitepe ochepa ndi ntchito, ena amaiwalaiwala, ena tulo tosowa ndi maloto oopsa a ku ICU. Theodore Iwashyna mu 2010 anatsatira okalamba a ku America amene anapulumuka sepsis, ovutika kwambiri kuganiza ndi kukumbukira anachoka pa 6 kufika pafupifupi 17 pa 100 alionse. Pafupifupi 40 pa 100 amagonekedwanso m'chipatala masiku 90 asanathe, kawirikawiri ndi matenda ena atsopano, chifukwa chitetezo chija chimatenga miyezi kuti chibwerere, mwa ena zizindikiro za kutupa ndi kufooka zimapezekabe m'magazi patatha chaka. Choncho wochira sepsis akayamba kutentha thupi kapena kutsokomola musamuyese ngati wina aliyense, pitani naye msanga ndipo muwauze adokotala kuti anadwalapo sepsis. Amene anachotsedwa kapamba chifukwa cha ngozi afunse za katemera wa chibayo ndi wa matenda oumitsa khosi, chifukwa popanda kapamba mabakiteriya amenewa amatha kumugwetsa pa maola ochepa, ndipo chiopsezo chimenechi amakhala nacho moyo wake wonse.